Funsani Anamwino: Mwana Akachedwa Kulankhula

Makalata anayi amene ndasankha mwezi uno onse akufunsa za kulankhula kwa ana. Zaka zimene ndinagwira ntchito kusikelo ya ana kuno ku Mangochi, funso limeneli linkabwera mayi atabereka kale mwana kumbuyo, ali pakhomo potulukira, ngati kankhani kongowonjezera. Si nkhani yaing'ono ayi, n'chifukwa chake lero ndaipatsa tsamba lonse.

FUNSO: Anamwino, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4 koma amangotchula "amama" ndi "ayi" basi. Akafuna madzi amandigwira dzanja n'kundikokera pamtsuko. Ine ndi mayi anga timalankhula Chiyao, bambo ake ndi a ku Ntcheu ndipo amalankhula naye Chichewa. Apongozi atabwera anati tamusokoneza mutu ndi zilankhulo ziwiri, tisiye Chiyao. Anansi ena akuti lilime lake ndi lomangika, tipite naye kwa munthu wina akadule pansi pake. Amuna anga akuti tingodikira, ana aamuna amachedwa. Ndimvere ndani? — Mayi wodandaula, Namwera

YANKHO: Mayi, tisanapite patali, lumo lisayandikire pakamwa pa mwanayo. Chifukwa chake ndichifotokoza, koma ndafuna mumve zimenezi musanawerenge china chilichonse.

Tikamati mwana sakulankhula timaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali kumvana, kutanthauza kuti mwana akukudziwitsani zimene akufuna kapena zimene zamusangalatsa, kaya ndi kulira, kumwetulira, kuloza kapena kukukokani. Wanuyo pamene akukukokerani pamtsuko ndiye kuti akumvana nanu kale, ndipo chimenecho chandisangalatsa m'kalata yanu. Kenaka pali chilankhulo, chimene chimakhala m'mutu: mawu amene mwana akuwadziwa, matanthauzo ake, ndi kalumikizidwe kake. Chomaliza ndi kutchula, ntchito ya mpweya wochokera m'mapapo, kholingo, lilime ndi milomo. Ife timangotchera khutu ku chomalizachi chifukwa ndi chimene chimamveka, koma chimadalira ziwiri zoyambazo.

Mwana amayamba kumva ali m'mimba, m'miyezi itatu yomaliza, ndipo akabadwa amazindikira kale mawu a mayi ake. Pa miyezi 2 kapena 3 amayamba timawu tofewa tija ta "aaa, guu" mukamamuseketsa. Kuyambira miyezi 6 kupita m'tsogolo kumabwera "ba-ba-ba" ndi "ma-ma-ma" kopanda tanthauzo, kumene n'kuyesa pakamwa. Nthawi yomweyo makutu ake amakhala ali pa ntchito ina imene ife sitiiona. Khanda la miyezi 6 limatha kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a zilankhulo zimene silinazimvepo, koma pofika chaka chimodzi limakhala litasankha za kwawo n'kuleka kusamala zinazo. Mwana wa m'nyumba ya Chichewa amaphunzira kuti kampweya kakang'ono kamasiyanitsa "pala" ndi "phala", ndiponso kuti kukweza kapena kutsitsa mawu kumasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa kumsika. Palibe amamukhazika pansi kumuphunzitsa. Amangotola pomvetsera anthu akulankhula naye.

Pakati pa miyezi 9 ndi 12 amayamba kuloza ndi chala, ndipo pafupi ndi chaka chimodzi mawu oyamba enieni amatuluka. Pofika zaka 2 ana ambiri amakhala ndi mawu pafupifupi 50 ndipo amayamba kulumikiza awiri: "amama bwera", "phala latha". Ana amasiyana, wina amatsogola wina amatsalira ndi miyezi ingapo. Koma mawu awiri okha pa zaka 2 ndi miyezi 4 ndi kuchedwa ndithu, sindikubisirani. Amuna anu akunena zoona pang'ono: anyamata amatsalira kwa atsikana, koma kusiyanako n'kochepa, sikufika chaka. N'zoonanso kuti ana ambiri ochedwa amadzawapeza anzawo okha. Vuto n'lakuti pongomuyang'ana mwana simungadziwe ngati ali m'gulu la odzawapeza kapena ayi, ndipo m'mera mpoyamba.

Yesani zinthu ziwiri madzulo ano. Muli pakhonde, muuzeni kuti, "Katenge nsapato za ababa," manja anu ali pamiyendo, maso anu ali pa iye, osayang'ana kumene kuli nsapatoko. Ana ndi ochenjera, amawerenga maso ndi manja, moti mwana wosamva bwino amatha kupusitsa banja lonse mpaka zaka 3. Akabwera nazo nsapatozo, ndiye kuti mawu akulowa ndipo akuwamvetsa. Chachiwiri, pamene watanganidwa ndi kusewera, imani kumbuyo kwake, poti asaone ngakhale mthunzi wanu, mutchule dzina lake motsitsa mawu, mbali iyi kenaka mbali inayo. Musawombe m'manja kapena kumenya ndowa, chifukwa phokoso lalikulu amalimva ngakhale mwana amene makutu ake ali ndi vuto. Ana ambiri ochedwa kulankhula amene ndinawaona anali ndi mbiri ya kutuluka mafinya m'khutu, kapena madzi otsekeka kuseri kwa nembanemba ya khutu pambuyo pa chimfine. Mwana wotere amamva, koma mawu amamufika osamveka bwino kwa miyezi yambiri.

Za apongozi anu, muwayankhe mwaulemu koma musasunthike: zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana. Anthu ambiri padziko lapansi amakula ndi ziwiri kapena kuposa, ndipo kuno kwathu ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Mwana wa ku Namwera amadzuka ndi Chiyao, amasewera m'Chichewa, kumadrasa amakumana ndi zilembo za Chiarabu, kusukulu Chingerezi. Powerenga mawu a mwana wotere timawerenga a mbali zonse pamodzi: "mesi" ndi "madzi", "somba" ndi "nsomba", "ugali" ndi "nsima". Akadzati "ndikufuna mesi" musadzati wasokonezeka. Pitani pamsika wa paboma mukamve mmene akuluakulu amasakanizira potsatsana mtengo wa usipa. Chimene ndikuopa ine ndi ichi: mukaletsa Chiyao, anganga ake amene amaswera naye tsiku lonse adzachepetsa mawu, nyimbo ndi nthano zawo zidzazimiririka, ndipo mwana amene akusowa mawu mudzamuchotsera amene anali nawo pafupi. Aliyense alankhule naye m'chilankhulo chimene amasekera ndi kukalipira.

Tsopano lilime. Kamnofu kapansi pa lilime tonse tili nako. Kakakhala kakafupi kwambiri, vuto limaonekera masiku oyamba, mwana akamalephera kuyamwa bwino. Ngati wanuyo amatha kunyambita milomo n'kutulutsa lilime kupyola mlomo wapansi, kamnofuko kalibe mlandu. Ngakhale katakhala kakafupi, kangavutitse katchulidwe ka mawu ena, koma sikangaletse mwana kudziwa mawu, poti mawu sakhala palilime. Mu 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anaona bambo wina amene ankamva zimene akuuzidwa koma ankangotha kutchula "tan" basi. Atamwalira anapeza kuti mbali ina ya kumanzere kwa ubongo wake inali itawonongeka. Zofanana ndi zimenezi timaziona mwa akuluakulu amene adwala sitiroko: lilime lilipo, mawu palibe. Pansi pa lilime la mwana pali mitsempha ya magazi, ndipo lumo la kumudzi likhoza kubweretsa kutaya magazi, kafumbata, ndi matenda oyenda m'magazi ngati linacheka wina.

Pitani naye kusikelo ndi kabuku kake, munene nkhaniyi poyamba osati potuluka, ndipo mupemphe kuti amuone m'makutu. Aonenso magazi ndi kakulidwe kake, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi kunyentchera zimafooketsanso ubongo. Ngati saloza kuti akuonetseni chinthu, sakuyang'anani m'maso, kapena anali ndi mawu ena amene anasowa, munene zimenezonso kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu cha Mangochi.

Kunyumba, akakukokerani pamtsuko, gwadani mufanane naye msinkhu, munene kuti, "Mesi? Ukufuna mesi." Khalani chete pang'ono, mumupatse mpata. Kaya wayankha kaya sanayankhe, mupatseni madziwo. Musamumane kuti mpaka atchule, mungamudanitse ndi kulankhula. Akatchula liwu limodzi, inu onjezerani lina: iye "mbuzi", inu "eya, mbuzi ikudya." Muzimuuza zimene mukuchita potsuka mbale, posenda chinangwa, pomusambitsa. Ndipo usiku nthano zibwerere. "Padangokhala" wa anganga ndi "tili tonse" wa ana amaphunzitsa mwana chinthu chachikulu, chakuti polankhulana timalandizana.

FUNSO: Ndine msodzi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 3 ankatchula mawu bwinobwino. Chaka chatha anadwala kwambiri, khosi linauma, anakomoka masiku angapo. Anachira koma kuyambira pamenepo satembenuka tikamuitana ndipo mawu ake akutha. Mkulu wake wayamba kulankhula naye ndi manja ndipo amamvana. Achimwene anga akuti timuletse, chifukwa akazolowera manja sadzalankhulanso. Kodi n'zoona? — Bambo wa ku Makanjira

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene banja lanu ladutsamo. Mkulu wakeyo musamuletse, mumuthokoze. Iyeyo ndi amene wapeza njira yofikira mng'ono wake pamene enanu mwakanika.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda oumitsa khosi, amene amadziwika kuti amasiya ana ena osamva. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, mmene muli timaselo tokhala ndi timaubweya tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikawonongeka sitimeranso. Malungo a mu ubongo nawonso amatha kusiya vuto la kumva kapena la kulankhula. Mwana akasiya kumva anthu ndi kudzimva yekha, mawu amene anali nawo amayamba kufufutika. Si mwano, si kulodzedwa, ndipo nzeru zake sizinachoke.

Chofunika msanga ndi kuyeza makutu ndi makina kuti zidziwike kuti kumva kwatsala kochuluka bwanji. Ndikudziwa kuti kuchokera ku Makanjira kufika paboma ndi ulendo wodya ndalama, koma yesetsani. Mukatenge kalata kuchipatala chachikulu cha Mangochi. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki yoyeza kumva, ndipo ku Lilongwe kuli ina ya ABC (African Bible College). Kuyezako sikupweteka, amayeza ngakhale khanda lili m'tulo. Ana ambiri amene timawatcha agonthi amakhala ndi kumva kotsalira, ndipo timakina tovala kukhutu timawathandiza, makamaka mwana ngati wanuyu amene anayamba walawapo mawu.

Achimwene anu akuopa chinthu chimene sichichitika. Manja saletsa pakamwa. Choopsa chenicheni ndi mwana kukhala zaka ziwiri kapena zitatu wopanda chilankhulo chilichonse, pa msinkhu umene ubongo umatola chilankhulo mosavuta. Zaka zimenezo zikadutsa chabe, kuphunzira china chilichonse pambuyo pake, kuwerenga ndi masamu omwe, kumakhala kovuta. Chilankhulo cha manja ndi chilankhulo chathunthu, chili ndi malamulo ake, munthu amatha kunena nacho nthabwala, kupemphera ndi kukangana. Cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku America kapena ku Britain. Mu 1991 wofufuza wina, Laura-Ann Petitto, anaonetsa kuti makanda osamva obadwa kwa makolo olankhula ndi manja amachita "ba-ba-ba" wawo ndi zala, pa msinkhu womwewo umene anzawo amachita ndi pakamwa. Ku Nicaragua, ana osamva atawasonkhanitsa m'sukulu mumzinda wa Managua chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anapanga okha chilankhulo chatsopano cha manja pocheza pabwalo ndi m'mabasi, ang'onoang'ono n'kumachikonza kuposa akulu awo. Chimene mwana amafuna ndi anthu olankhula nawo. Njira, kaya khutu kaya diso, ubongo umalandira zonse.

Zizindikiro zimene ana anu apanga okha ndi poyambira pabwino, koma zokha sizikwanira. Funsani a zamaphunziro kapena a zachisamaliro cha anthu paboma akulumikizeni ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, kuti banja lonse, inu nomwe bambo, muphunzire chilankhulo chenicheni cha manja. Akadzafika msinkhu wa sukulu kuli sukulu za ana osamva ku Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba. Pakadali pano pitirizani kulankhula naye ndi pakamwa pomwe, muli kutsogolo kwake, nkhope yanu ili powala. Usiku yandikirani nyale. Musamukuwire, kukuwa kumapotoza milomo. Ndipo pagombe ndi pamsewu akhale ndi womuyang'anira, poti injini ya boti, belu la kabaza ndi kufuula kwanu sangazimve.

FUNSO: Ndimalera ana pasukulu ya mkombaphala. Pali mnyamata wa zaka 3 ndi theka amene wayamba chibwibwi mwezi wathawu. Anzake amamuseka. Makolo ake amamuuza kuti apume kaye ayambirenso, nthawi zina amamukalipira. Ndimuthandize bwanji? — Mlezi, Monkey Bay

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo kuti mwamuona mwanayu. Chibwibwi chimakonda kuyamba pakati pa zaka 2 ndi 5, pamene ziganizo za mwana zikutalika mofulumira. Ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse amadutsamo, ndipo ambiri a iwo, pafupifupi atatu mwa anayi, chimawathera. Chimayenda m'mtundu, chimakonda kukhalitsa mwa anyamata, ndipo sichipatsirana pomvera mnzako wachibwibwi. Apa chilankhulo chili bwinobwino, mwana akudziwa chimene akufuna kunena. Chikukodwa ndi kutuluka kwake kokha.

Malangizo a "puma kaye, yambiranso" amachokera mumtima wabwino, koma amene mwana amamva ndi akuti mmene akulankhulira mwalakwika. Akatero amayamba kulimbana ndi mawu, kutsinzina, kugwedeza mutu, kenaka kusiyiratu kuyankha m'kalasi. M'malo momuuza kuti achepetse liwiro, chepetsani lanu. Akamalankhula muyang'aneni ngati mmene mumayang'anira wina aliyense, musamumalizire chiganizo, ndipo muyankhe zimene wanena osati mmene wazinenera. Mafunso otsatizana achepe. Mudzaona kuti poimba ndi polakatula pamodzi ndi anzake chibwibwicho sichimveka, choncho mupatseni mipata yambiri yotere kuti akonde mawu ake. Kusekedwako kuthetseni lero lomwe, poika lamulo la kalasi yonse lakuti wina akamalankhula enafe timadikira, osatchula dzina lake.

Makolowo muwaitane padera, mwanayo palibe. Chikapitirira miyezi 6, kapena mukaona kuti akulimbana ndi mawu mpaka nkhope kukwinyika, kapena ngati m'banja mwawo muli wamkulu wachibwibwi, apite naye kuchipatala akapemphe kuonana ndi a zolimbitsa ziwalo, amene amadziwa kotumiza ana otere.

FUNSO: Amuna anga ali ku Johannesburg ndipo anatumiza foni yaikulu kuti mwana wathu wa chaka chimodzi ndi theka azionera makatuni a Chingerezi, adzayambe sukulu akuchidziwa kale. Amaonera pafupifupi tsiku lonse ndipo savuta. Ndikuchita bwino? — Mayi wa kwa Mponda

YANKHO: Mayi, cholinga cha amuna anu n'chabwino, koma foni siphunzitsa mwana wa msinkhu umenewo kulankhula. Mu 2003 wofufuza wina, Patricia Kuhl, ndi anzake ku Seattle ku America anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena ankakumana ndi munthu wolankhula Chimandarini cha ku China maso ndi maso, akusewera nawo, maulendo 12. Ena ankaonera anthu omwewo pa kanema. Okumana ndi munthu aja anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chimandarini, a pa kanema sanatolepo kanthu. Katuni siidikira yankho la mwana, siiona chimene waloza, siiseka akaseka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe makanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Kusavuta kwakeko ndiye kwandidetsa nkhawa, chifukwa mwana wa msinkhu uwu amayenera kukuvutitsani, kuloza ichi, kubweretsa icho, kufuna dzina la chilichonse. Chingerezi adzachiphunzira mosavuta akakhala wolimba m'chilankhulo cha kunyumba. Foniyo muzimuchotsera pang'onopang'ono, alira masiku oyamba koma azolowera. Ntchito yabwino imene ingagwire ndi iyi: bambo ake akaweruka aziimba pa WhatsApp ya vidiyo, mwana ali pamiyendo panu, azimutchula dzina, azimufunsa kuti mphuno ili pati, azidikira ayankhe, inu mukuthandizira. Mphindi 10 zotere zimakwana, ndipo bando yake ndi yotsika mtengo kuposa ya makatuni a tsiku lonse.